Mpini Umodzi, Zitsulo Zambiri

Pa zinthu zonse zimene zili m'chipinda chathu cha Woodwork, palibe chimene anthu achipeputsa koposa mpini. Alendo akabwera pa tsiku la makolo amaima nthawi yaitali kuyang'ana makina, ena amayesa ndi chala kuthwa kwa matchizulo, koma palibe ndi mmodzi yemwe wofunsa za mtengo umene mmisiri augwira m'dzanja lake tsiku lonse. Komatu akuluakulu anati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Ife a kalabu ya zosema tinatha milungu itatu ya teremu yachiwiri tilikutsutsana za mipini yokhayokha, ndipo pakuti Akonzi apempha kalabu iliyonse kuti ilembe kanthu m'magazini ino, ndaganiza zokuuzani chimene tinatsutsanirana, ndi chimene ine ndinatolapo.

Poyamba ndiyenera kuthandiza anzanga amene satenga phunziro limeneli. Lathe ndiwo makina amene agwira mtengo nauzungulitsa mwaliwiro. Wosema mtondo amayendetsa nsompho yake mtengo uli chikhalire; koma pa lathe mmisiri angotsamiritsa chitsulo chake pa kampiringidzo kamene tikatcha rest, nachisendeza pang'onopang'ono kufikira chikhudze mtengo, ndipo mtengowo udzibweretsa wokha ku mpeni. Umo ndimo ipangidwira miyendo yobulungira ya matebulo, mbale zamtengo ndi zoikapo makandulo. Luso limeneli si la dzulo ayi. M'manda a Petosiris ku Egypt muli chithunzi cha zaka ngati 300 Khristu asanabadwe, choonetsa anthu awiri, mmodzi alikukoka chingwe chozungulitsa mtengo, mnzake atagwira chitsulo.

Zitsulo zosemera nzamitundumitundu. Gouge ndiyo tchizulo yokumbika pakati ngati ngalande. Pali roughing gouge, yaikulu, yochotsa ngodya kuti mtengo ubulungire. Pali spindle gouge yokongoletsera miyendo. Palinso bowl gouge yokumbira mbale. Skew ndi tchizulo yafulati yopendeka ku nsonga, ntchito yake kusalaza, ndipo parting tool ndiyo yodulira. Zina mwa izi thupi lake nlobulungira ngati pensulo yaikulu, zina nzafulati ndipo zili ndi msuka monga khasu.

Tsono taonani mphamvu imene zitsulo zimenezi zikumana nayo. Mbale yotambalala masentimita 20 ikazungulira ka 1,000 pa mphindi imodzi, milomo yake iyenda mamita 628 pa mphindiyo, ndiko kuti pafupifupi makilomita 38 pa ola. Chitsulo chikakodwa mu mtengo wothamanga chotero chimatsalima mwadzidzidzi, munthu asanaphethire nkomwe. Pakati pa mphamvu imeneyo ndi dzanja la munthu palibe china koma mpini.

Mkangano wathu unayamba ndi ngozi. Mipini ya zitsulo zakale za sukulu inali itatopa, ndipo ina inali ndi ming'alu yomangidwa ndi mphira. Lachitatu lina mnyamata wa Fomu 4 analikukumba mbale ya mbawa, chitsulo chinakodwa, mpini nkung'ambika pakati. Chitsulocho chinamudutsa pafupi ndi khutu nichikagumula pulasitala ku khoma. Palibe anavulala, koma m'chipinda monse munangoti zii. Aphunzitsi anazimitsa makina, natola zitsulo zonse za mipini yong'aluka, nazitsekera m'kabati. Tinatsala ndi ziwiri zokha, anthu khumi ndi anayi.

Mwamwayi, m'masiku omwewo munthu wina amene anaphunzira pano kale, ndipo tsopano agwira ntchito ku Johannesburg, anatitumizira kabokosi ka zitsulo zisanu ndi zinayi. Zonse zinali zopanda mipini, pakuti mipini ikadangodzaza katundu pa basi. Zisanu ndi chimodzi zinali zobulungira, zitatu za msuka. Ndalama zimene kalabu inali nazo ndi zija tinapeza pogulitsa timbale ndi miyendo ya matebulo pa tsiku la makolo, ndipo zinali zochepa. Funso linali lakuti: kodi tigule mpini umodzi wosinthasintha wa ku sitolo, wolowa zitsulo zonse, kapena chitsulo chilichonse tichisemere mpini wakewake wosachoka monga achitira amisiri ambiri?

Aphunzitsi anationetsa pa intaneti mipini yosinthasinthayo. Opanga zida a ku Sheffield ku England, mzinda wodziwika ndi zitsulo kuyambira kalekale, akugulitsa yotere. Kampani ya Robert Sorby ya komweko ili ndi mtundu wake wotchedwa Sovereign. Ku America ndi ku Canada ikupangidwanso. Yambiri ndi paipi ya aluminiyamu yokutidwa ndi mphira yofewa, ndipo ku mutu kwake kuli kamwa lolandira chitsulo. Kagwiridwe kake kodziwika nkamitundu iwiri. Mtundu woyamba uli ndi tibawuti tiwiri topanda mutu, tolowa cha m'mbali, timene munthu atimanga ndi kiyi wa Allen kufikira tipanikize chitsulo. Mtundu wachiwiri uli ndi collet, ndiye kamphete kachitsulo kong'ambidwa timipata, kamene nati ikamangidwa kamafinya chitsulo mbali zonse mofanana. Collet yodziwika koposa ndi ya ER, imene kampani ya Rego-Fix ya ku Switzerland inatulutsa mu 1972 kuti izigwira zitsulo m'makina odulira chitsulo chinzake. Osema mitengo anangobwerekako nzeruyo. Collet imodzi ifinya kokwana milimita imodzi yokha, kotero chitsulo chonenepa mosiyana chifuna collet yakenso.

Anzanga ambiri anatengeka mtima ndi zithunzizo, nanena kuti nzeru za kunja nzodabwitsa. Ine sindinadabwe kwenikweni, pakuti nzeru imeneyi ndinaiona kale ku mudzi kwathu ku Ntcheu. Agogo anga aamuna ali ndi chitsulo chimodzi cha nkhwangwa, koma mipini iwiri. Mpini umodzi anauboola kuti mpeni uziima motsata mpiniwo, ndipo imeneyo ndi nkhwangwa yogwetsera mitengo. Winawo anauboola kuti mpeni uzipingasa, ndipo chitsulo chomwechija chikalowa m'menemo chasanduka nsompho yosemera mtondo. Pofuna kusintha amangogogoda mutu wa mpini pa chipika, chitsulo nkuguluka. Mabowowo anawaboola ndi msuka womwewo atautentha pa moto, chifukwa chake umakhala bwino ngati unamera momwemo. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinawafunsa chifukwa chake sagula nkhwangwa yachiwiri, ndipo anandiyankha kuti, "Mdzukulu wanga, chitsulo timagula, mpini timasema."

Koma pali kusiyana kumodzi kumene tiyenera kukusamala. Msuka wa nkhwangwa ngwosongoka, ndipo nthawi iliyonse agogo akatema, chitsulo chimka chilowerabe mu mpini. Ntchito yomweyo ndiyo ichilimbitsa. Pa lathe sizitero. Mtengo wozungulira umakankhira chitsulo pansi, umachipotoza, nuchinjenjemeretsa kosalekeza, ndipo kunjenjemera kumamasula chilichonse chomangidwa mwaulesi. Chotero mpini wosinthasintha wa pa lathe ukoma kapena uipa pa malo amodzi okha, pamene chitsulo chigwirana ndi mtengo.

Ofuna mpini wa ku sitolo anali ndi mfundo zabwino ndithu. Anati ponola nkwapafupi kuchotsa mpini, pakuti mpini wautali umagunda munthu m'mimba ndi kugunda benchi pamene alikuzungulitsa gouge pa mwala. Anatinso chitsulo chogulidwa chopanda mpini nchotsika mtengo, ndipo nchopepuka kutumiza. Ena anawonjeza kuti popeza paipiyo ili ndi mphako, munthu akhoza kutembenuza chitsulo nkulowetsa nsonga yakuthwa m'kati, kuti isabunthe pa ulendo. Ndiponso aluminiyamu sang'ambika monga unachitira mpini uja.

Otsutsa nawo sanali opanda mawu. Ndalama zathu zonse zikadathera pa mpini umodzi, ndipo tili ndi makina awiri. Nanga wa pa makina achiwiri agwira chiyani? Kalabu ikumana maola awiri okha pa mlungu, nthawi zina magetsi nkuzima pakati pa ntchito. Posema mwendo umodzi wa tebulo munthu asintha chitsulo kakhumi kapena kuposa, ndipo ngati kusintha kulikonse nkumasula ndi kumanga, nthawi ithera pa kiyi. Mnzanga wina anaseketsa anthu pofunsa kuti kabawuti kakang'ono ngati nyemba kakagwera mu utuchi wa pansi pa makina, ndani adzakapeza, pamene masupuni a ku dining amasowa ali aakulu chotero. Wina anakumbutsa kuzizira kwa mwezi wa June, kuti chitsulo chosakutidwa bwino sichigwirika m'mawa.

Mlungu wachiwiri utatha tisanamvane, aphunzitsi anati, "Ana inu, mulikutsutsana za chinthu chimene simunachipime. Siyani zithunzi, tengani vernier ndi rula." Anatipatsa mafunso anayi, ndipo ndiganiza kuti aliyense wosankha mpini ayenera kudzifunsa omwewa.

Funso loyamba linali lakuti chitsulo nchonenepa bwanji. Apa tinapeza chodabwitsa. Zitsulo zathu zobulungira zonse zisanu ndi chimodzi zinalembedwa 3/8, koma zitatu zinali zoonda, zitatu zonenepa. Vernier inaonetsa kuti ma spindle gouge anali mamilimita 9.5, pamene ma bowl gouge anali mamilimita 12.7, ndiyo theka la inchi. Chifukwa chake nchakuti opanga a ku England amapima bowl gouge pa ngalande yake, pamene a ku America amapima thupi lonse la chitsulo; kotero imene ku Sheffield aitcha 3/8, ku America aitcha 1/2. Munthu woitanitsa mpini potsata nambala yolembedwa akhoza kulandira kamwa losalowa chitsulo chake, ndalama zitapita kale. Zitsulo zitatu za msuka zija sizikadalowa konse m'kamwa lobulungira popanda kugula zolumikizira zina.

Funso lachiwiri linali la kutalika. Apa Physics ya Fomu 2 inatithandiza, pakuti chitsulo chotsamira pa rest chili ngati mtengo wotukulira mwala. Tinene kuti nsonga yapitirira rest ndi masentimita 8, monga zichitika pokumba pansi pa mbale, ndipo mtengo uikankha ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu 10. Ngati dzanja lili masentimita 40 kumbuyo kwa rest, limva makilogalamu 2 okha. Koma ngati lili masentimita 16, limva makilogalamu 5, ndipo limva mwadzidzidzi. Nchifukwa chake bowl gouge ifuna mpini wautali, wa masentimita 35 kufikira 45, umene mmisiri autsamiritsa m'chiuno nayenda nawo thupi lonse. Spindle gouge igwira ntchito pafupi ndi rest, ndipo imazungulitsidwa ndi zala. Mpini wautali ungoisokoneza, wa masentimita 25 ukwanira. Pamenepo tinaona kuti mpini umodzi sungakomere zitsulo zonse, ngakhale zonse zitalowa.

Funso lachitatu linali la kulemera. Mpini wolemera umameza kunjenjemera, ndipo amisiri ena amathira timibulu ta mtovu m'mphako ya mipini yawo pa chifukwa chimenechi. Koma pa ntchito yaing'ono kulemera kutopetsa dzanja msanga, ndipo dzanja lotopa ndilo libweretsa ngozi. Tinagwirizana kuti wautali ukhale wolemera, waufupi wopepuka.

Funso lachinayi ndilo linathetsa mlandu, ndipo analidzutsa ndi mtsikana wa Fomu 2, mmodzi wa atsikana atatu a m'kalabu mwathu, amene masiku onsewo anali chete. Iye anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, kodi mpini wa m'chithunzi uja anaupimira dzanja la yani?" Ena anaseka, koma aphunzitsi sanaseke. Anatituma kukatenga mpini wa tsache, mpini wa khasu ndi zidutswa za mapaipi, nati aliyense afumbate chimodzichimodzi. Mtsikana uja zala zake zinakumana bwino pa mtengo wonenepa masentimita 3. Pa wa masentimita 4 sizinakumane, ndipo aphunzitsi ataupotoza pang'ono unamupulumuka. Goloboyi wa timu yathu, amene manja ake muwadziwa nonse, anati wa masentimita 3 uli ngati pensulo, nasankha wa 4. Enafe tinali pakati.

Ndinaganizira za ichi usiku wonse ku hostel. Chiyambire tinalikulankhula ngati mpini ndi mbali ya chitsulo, ngati mchira wake. Komatu mpini uli ndi nsonga ziwiri: imodzi igwira chitsulo, inayo igwiridwa ndi munthu. M'shopu ya mmisiri mmodzi dzanja ndi limodzi, zitsulo ndiye zambiri, ndipo mpini wosinthasintha umuthandiza kusintha zitsulo. Pa sukulu zinthu nzotembenuka: zitsulo nzochepa, manja ndiye ambiri, aakulu ndi aang'ono. Tikakhomera mpini wonenepa pa bowl gouge yabwino koposa, ndiye kuti tamuuza mtsikana uja kuti chitsulo chimenecho si chake, ngakhale palibe wanena ndi pakamwa. Ubwino weniweni wa mpini wosinthasintha kwa ife suli pa kuchepetsa mipini, koma pa kulola dzanja lililonse kupeza mpini wake. Mawa lake ndinanena zimenezi mu msonkhano, ndipo mbali zonse ziwiri zinaona kuti zikhoza kukumana pamenepa.

Tinapangana chotere. Zitsulo zitatu za msuka tinazipatsa mipini yosachoka, yokhala ndi mphete ya mkuwa ku mutu, pakuti zimenezi zimagwiritsidwa ntchito kawirikawiri posema miyendo ndipo ziyenera kukhala zokonzeka nthawi zonse. Aphunzitsi anatichenjezanso kuti roughing gouge isadzakhudze mbale, chifukwa msuka wake ngwoonda ndipo ukhoza kuthyoka, ngakhale mpini ukhale wolimba chotani. Zobulungira zija tinazipangira mipini inayi yosinthasintha yopanga tokha: iwiri yaifupi ya masentimita 25, iwiri yaitali ya masentimita 40, ndipo pa iwiri iliyonse umodzi woonda, wina wonenepa. Tinasankha tibawuti, osati collet, pakuti tibawuti ndi kiyi wake zipezeka m'sitolo za zitsulo m'tauni, ndipo kakatayika kamodzi nkosavuta kugula kena.

Kusankha mtengo kunatitengeranso masiku. Ku England amisiri akonda mitengo ya ash ndi beech, ku America hickory, chifukwa ndi yolimba koma yosaphweka kuthyoka. Ife tinayang'ana ya kwathu. Paini ngwofewa, sangapirire kukankha kwa chitsulo. Bulugamu ngwolimba, koma amang'aluka pouma akapanda kusamalidwa. Ena anafuna phingo chifukwa cha kukongola kwake, koma phingo akula mochedwa, alikusowa, ndipo kuyambira 2017 malonda ake a pakati pa maiko ali pansi pa malamulo a pangano la CITES. Mtengo wopangira zitoliro zoimbira sitingauthere pa mpini. Pa mipini yaifupi tinatenga mlombwa wa felemu lakale la chitseko limene linali m'stolo ya sukulu, pakuti mlombwa sufota kapena kutupa kwambiri nyengo ikasintha. Ichi nchofunika, chifukwa mtengo wosauma umafota m'mwezi wa October, mphete nkuyamba kugwedera. Pa yaitali tinapeza muwanga, wolemera ndi wolimba. Chidutswa chilichonse aphunzitsi anachiyang'ana kuti mitsempha yake iyende molunjika kuchokera ku mutu kufikira ku mchira, popanda mfundo, pakuti mtengo wa mitsempha yopingasa umathyokera pomwepo.

Anzathu a Metalwork anatithandiza kwambiri, ndipo ndiwathokoza pano. Anatidulira timapaipi tachitsulo tochindikala, totalika masentimita 8, natiboola kamwa la mamilimita 10 pa tiwiri, ndi 13 pa tiwiri tinato. Cha ku mutu kwa kalikonse anaboola m'mbali mabowo awiri, nadula mazinga a tibawuti ta mamilimita 6. Ife tinaboola mtengo tisanauseme, kuti bowo likhale pakati penipeni, kenaka tinausema pa lathe, tinaveka mphete yodulidwa ku paipi ya mkuwa, ndi kumata kapaipi kaja m'kati ndi guluu wa epoxy, mutu wake wa tibawuti uli kunja. Vanishi sitinapake, chifukwa amaterera dzanja likachita thukuta. Tinangopaka mafuta pang'ono.

Panatsala ntchito imodzi. Kabawuti kakapanikiza chinthu chobulungira, chinthucho chikhozabe kuzungulira, kotero pafunika kusalaza mbali imodzi ya chitsulo kuti tibawuti tikhale pafulati. Mnzanga anayesa ndi tupa, koma tupa inangoterereka osasiya chipsera. Zitsulo za masiku ano nza high speed steel, mtundu umene Frederick Taylor ndi Maunsel White a ku America anaonetsa mphamvu yake pa chionetsero cha ku Paris mu 1900, ndipo nzouma zedi. Tinachita kusalaza pa mwala wa makina onolera, pang'onopang'ono. Kuuma komweku ndiko kuchititsa kuti chitsulo chimodzi chikhale zaka zambiri, chikhoza kutha mipini ingapo chisanathe icho.

Malamulo athu ndi atatu, ndipo tinawalemba pa khoma pafupi ndi pamene pulasitala anagumuka. Chitsulo chilowe m'kamwa masentimita osachepera 5. Womanga amange tibawuti tonse tiwiri, ndipo mnzake ayese kupotoza chitsulocho makina asanayatsidwe. Kiyi akhale pa chingwe chake chomangirira ku benchi, asalowe m'thumba la munthu.

Mnyamata wina wa Fomu 4, wodziwa masamu, anatifunsa kuti, "Mwasema mipini inayi ya zitsulo zisanu ndi chimodzi, bwanji osangowonjeza iwiri, chilichonse chikhale ndi wake, mavuto a kiyi nkutha?" Funso lake nlanzeru, ndipo kwa mmisiri wogwira yekha mwina yankho likadakhala kuti inde. Kumanga ndi kumasula kumadya nthawi ndithu, sitikana. Koma yankho lathu tinaliona ndi maso pa mlungu womaliza wa teremu. Goloboyi uja anakumba mbale yake ndi bowl gouge mu mpini wonenepa. Atatha anamasula, napereka chitsulocho kwa mtsikana uja, iye nachiika mu mpini woonda, nakumba mbale yake yoyamba ya mbawa kufikira pansi osakodwa ngakhale kamodzi. Mbale zonse ziwirizo zili pa shelefu m'chipinda chathu, ndipo amene akayika abwere adzaone ngati angathe kudziwa mwini wa iyi ndi mwini wa iyo.

Kwa ine nkhani imeneyi ili ndi mbali ina. Si tonse amene tidzapeza malo ku yunivesite tikalemba mayeso a Fomu 4, ndipo ine ndilikuganizira zodzadya za manja anga ngati njira inayo itatsekeka. Zida nzokwera mtengo, ndipo mnyamata woyamba ntchito sangagule zonse tsiku limodzi. Pa tchuthi ndinapempha agogo nthambi yowongoka ya gwafa, mtengo umene iwo aukhulupirira pa mipini ya nsompho. Anaiwaza pakati ndi nkhwangwa yawo ija kuti iume yosang'aluka, ndipo tsopano ilikuuma pa denga la chipinda cha Woodwork, nsonga zake zitapakidwa sera ya kandulo. Ikauma ndidzasema mpini wolingana ndi dzanja langa, wa kamwa la mamilimita 13. Pa sukulu pano udzagwira zitsulo za kalabu, ndipo pochoka ndidzapita nawo. Ndikadzapeza ndalama ya chitsulo chimodzi ndidzagula chimodzi, chaka china chinanso, ndipo zonse zidzapeza mpini ulikuziyembekeza.

Tsono anzanga amene mudzalowa kalabu yathu chaka chamawa, musadzasankhe mpini ndi maso. Pimani chitsulo ndi vernier, musakhulupirire nambala yolembedwa. Dzifunseni kuti nsonga idzapitirira rest motani, ndipo mufumbate mpiniwo muone ngati zala zanu zikumana. Koposa zonse yang'anani pamene chitsulo chigwirana ndi mpini, pakuti maso anu ndi zala zanu zidalira pamenepo. Tithokoza aphunzitsi athu amene anatilola kutsutsana milungu itatu pamene akadatha kungolamula tsiku limodzi. Kalabu ikumana Lachitatu lililonse masana, ndipo manja aang'ono ndi aakulu omwe ali olandiridwa.

Wophunzira wa Fomu 3